Ulendo wa ku Kubu ndi banja: Disembala ayi, ndipo musapite galimoto imodzi

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni kuno ku Blantyre. Alemba kuti: "Ndili ndi Toyota Hilux ya dizilo, yokoka matayala onse anayi, thanki yake ndi ya malita 80. Ndakhala ndikuona zithunzi za chilumba cha Kubu ku Botswana ndipo mtima sukundipatsa mpata. Ndikufuna kupita ndi mayi akunyumba ndi ana athu awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 13, pa tchuthi cha Khirisimasi, tikagone m'matenti masiku atatu. M'chipululu sindinayendemo, koma misewu ya kwathu ku Neno ndimaidziwa bwino. Kodi galimoto imodzi ikwanira? Nanga nditenge chiyani?"

Zikomo bambo chifukwa chofunsa musananyamuke. Ine ndine makaniko, ndipo ndisanakhazikike pa galaja ndinayendetsapo alendo zaka zingapo ku Botswana ndi ku Namibia. Malo mukuwafunawo ndi okongoladi, ndipo ndikulakalaka ana anuwo atakawaona. Koma pa mapulani anuwa pali zinthu ziwiri zimene sindingavomereze ngakhale mutandinyengerera bwanji: mwezi umene mwasankha, ndi kupita nokha.

Ndiyambe ndi mweziwo. Kubu si chilumba cha pamadzi ngati Likoma kapena Chizumulu. Ndi kaphiri ka miyala kodzadza milambe, kokhala m'mphepete mwa chigwa chachikulu cha mchere chotchedwa Sua, chimodzi mwa zigwa za Makgadikgadi. Kalekale ponsepo panali nyanja yaikulu, ndipo mpaka lero pa Kubu mumapeza timiyala tosalala ngati ta kugombe. Nyanja inaphwa, panatsala dothi la mchere loyera mbee, losalala ngati pabwalo lozira. Mvula ya kumeneko imagwa nthawi yofanana ndi yathu, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo. Ikagwa, chigwacho chimasanduka phala. Mbali zina madzi amaima, mbalame zam'madzi n'kubwera kudzaswana, koma njira za galimoto zimatsekeka. Pa Khirisimasi ndiye pakati penipeni pa vutoli.

Mukuti mumaidziwa misewu ya ku Neno, ndipo ndikukhulupirira. Koma matope a ku Neno ali ndi pansi polimba; tayala likakumba limafika pa mwala kapena pa katondo, ndipo mukatitimira pamatulukira anyamata ndi makasu. Kuti mumvetse za ku Makgadikgadi, kumbukirani nyanja ya Chilwa itaphwa mu 2018, mabwato ali gonegone pa Kachulu. Pamwamba panali pouma, pong'ambikang'ambika, koma amene anapondapo anaona kuti kunsi kunali kofewa. Ku Sua n'chimodzimodzi, kungoti chikhungwa cha pamwambacho ndi choyera ndipo chimaoneka cholimba ngati simenti, moti chimanyenga ngakhale dalaivala wozolowera. Ndipo kumeneko kulibe mudzi wapafupi woti mukaitaneko anthu.

Ndinaziona ndi maso mwezi wa Meyi chaka china, mvula itasiya kale. Tinali galimoto ziwiri, ine kumbuyo. Fumbi la mnzanga linkanditseka m'maso, ndiye ndinapatuka pang'ono chabe kuchoka m'mapazi a matayala, mwina mamita khumi. Galimoto inayamba kulemera ngati wina akuikoka kumbuyo, kenako inangoti fwaa, kukhala pansi ndi mimba. Nditatsika ndinapeza matayala onse anayi alowa mpaka theka, ndipo pansi pa mchere woyera uja panali dothi lotuwa, lonanda ngati sopo wonyowa, lonunkha ngati dzira lovunda. Fosholo imalowa koma potuluka imabwera ndi dothi lonse litamatirira, kumachita kulipala ndi manja. Jeke timati tikaika, m'malo mokweza galimoto imalowa pansi yokha, mpaka tinayala tayala lapadera ndi thabwa kuti ipeze popondera. Tinalowa m'matopemo cha m'ma 10 m'mawa, tinatuluka dzuwa likulowa. Chinatipulumutsa n'chakuti galimoto ya mnzangayo inali itaima pouma, ndipo titalumikiza zingwe zonse zimene tinali nazo zinafika. Tsiku limenelo tinamwa madzi a masiku awiri. Tikanakhala galimoto imodzi, sindikudziwa kuti tikanadikira masiku angati.

Choncho sinthani mwezi. Nthawi yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala, ndipo kwa inu amene muli ndi ana a sukulu, tchuthi cha Ogasiti chikukwanirani bwino. Okutobala kumauma ndithu, koma kutentha kwake kumafika madigiri 40, kofanana ndi kwa ku Nsanje, popanda mthunzi woti ana abisalemo. Ngakhale mu Ogasiti momwemo lamulo ndi limodzi: yendani m'mapazi a galimoto zimene zadutsa kale. Mukaona pena pakuda kapena pakunyezimira ngati panyowa, imani, tsikani, mukaponde ndi mwendo kapena kubaya ndi chitsulo. Ana adzakupemphani kuti muthamangitse galimoto pabwalo loyeralo. Akanizeni. Kupatula ngoziyo, zipsera za matayala zimakhala pamenepo zaka zambiri.

Za galimoto imodzi ndayankha kale ndi nkhani ija. Mutu umodzi susenza denga. Pezani banja lina, mnzanu wa kuntchito kapena wa kutchalitchi amene ali ndi galimoto yokwera ngati yanu, mugawane katundu: wina atenge zingwe ndi pampu, wina zida zokonzera. Mukalephera kupeza wa kuno, mukafika ku Letlhakane kapena ku Nata, timatauni ta ku Botswana tolowera ku chigwacho, funsani pa malo ogona alendo ngati pali ena olowera komweko, muyende motsatana. Ndipo musanalowe m'tchire, uzani m'bale wanu kuno tsiku limene mutuluke, dzina la njira imene mwalowera, ndi chimene achite ngati tsikulo ladutsa osamva za inu. Netiweki ya foni musaidalire mukangodutsa midzi yomaliza. Mapu akhale osungidwa kale m'foni kapena mu GPS, monga a Tracks4Africa amene amaonetsa tinjira ta m'tchire, ndipo pakhalenso mapu a pepala, chifukwa tinjira ta kumeneko timagawikana pafupipafupi popanda chikwangwani.

Njira yochokera kuno si yovuta, koma ndi yaitali, makilomita pafupifupi 1,500 kupita kokha. Mutulukira pa chipata cha Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Bulawayo, Plumtree, n'kulowa Botswana pa Ramokgwebana mpaka Francistown. Kuchokera apo mulunjika ku Letlhakane, pafupi ndi mgodi wa dayamondi wa Orapa, ndipo kuchokera ku Letlhakane mudutsa mudzi wa Mmatshumo, pamene tala amathera. Njira ya kumwerayi ndi imene ndimalangiza woyamba kumene, chifukwa gawo lafumbi ndi lalifupi poyerekeza ndi yochokera kumpoto pa msewu wa Nata ndi Maun. Ena amakonda kuzungulira ku Mchinji, Lusaka, Livingstone n'kuwolokera pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Kwa ife a ku Blantyre imeneyo imatalika. Patulani masiku atatu opita ndi atatu obwerera. Usiku musayende: ku Botswana ng'ombe ndi abulu zimagona pa tala, ndipo cha ku Nata njovu zimawoloka msewu.

Mapepala akonzeni milungu ingapo musananyamuke: mapasipoti a nonse, bulubuku, kalata ya apolisi a Interpol yotsimikiza kuti galimoto si yakuba, ndi kalata ya banki ngati galimotoyo idakali pa ngongole. Inshuwalansi ya COMESA, ija timati Yellow Card, imagwira ntchito ku Zimbabwe, koma Mozambique ndi Botswana sali mu COMESA, ndiye kumeneko mudzalipira zawo pa chipata. Ku Botswana amafunanso zikalata za kubadwa za ana osakwana zaka 18, choncho za ana anu awiriwo zisatsale. M'galimoto mukhale mathirayango awiri, chovala chonyezimira ndi chozimitsira moto. Ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira m'mabanki athu. Yambani kuzisaka msanga, madola a pa njira ndi mapula a ku Botswana.

Tsopano masamu a madzi, amene ndikufuna muwalembe papepala. Munthu mmodzi, malita 5 patsiku, akumwa ndi kuphikira basi, osasamba. Anthu anayi masiku anayi, kuwerengera tsiku lolowa ndi lotuluka, ndi malita 80. Onjezani a masiku awiri a mwadzidzidzi, malita 40, ndi ena 20 a galimoto ngati paipi ya radiyeta itaphulika. Onse pamodzi malita 140, zigubu zisanu ndi ziwiri za malita 20. Pa Kubu palibe mpopi, palibe chitsime, palibe golosale. Musathire madzi onse mu dramu imodzi. Ikabooka ndi kugwedezeka kwa msewu mudzazindikira kumbuyo kutanyowa kale. Zigubu muzimange zolimba, muike makatoni pakati kuti zisakhulane, ndipo zikhale kutsogolo kwa bodi pafupi ndi kabini. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye madzi okhawo akulemera pafupifupi ngati matumba atatu a chimanga. N'chifukwa chake katundu wosafunika atsale ku Chilomoni, ndipo pamwamba pa galimoto pakwere zopepuka zokha monga matenti ndi matiresi.

Mafuta nawo ali ndi masamu ake. Ngati Hilux yanu imayenda makilomita 10 pa lita pa tala, mumchenga muwerengere 6 kapena 7. Dzazani thanki pa Letlhakane ngakhale itangotsika pang'ono, ndipo mutenge malita ena 40 m'zigubu zachitsulo zotseka bwino. Mtunda wake si waukulu, sufika makilomita 100 kuchokera ku Letlhakane, koma kusochera, kubwerera m'mbuyo ndi kukoka mnzanu kumadya mafuta. Zigubuzo mukazidzazire ku Botswana konko, osati kuwoloka nazo zipata zitatu zili zodzadza.

Pa galimoto, musanapite ikaonedwe ndi makaniko amene mumamukhulupirira, ndipo mumuuze kumene mukupita. Aone mapaipi a madzi, malamba a injini, mashokabu, mabushi, mabeyaringi a mawilo, ndi chomangira batire. Msewu wokhala ndi mizere ngati malata umamasula chilichonse chimene chinali chogwedera kale. Ayesenso ngati giya yokokera matayala anayi ikulowadi, makamaka ija yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono. Galimoto zambiri za m'tauni muno zimatha zaka osailowetsa, ndiye tsiku loifuna imakana. Mutenge matayala apadera awiri, zomatira tayala, lamba wa injini wapadera, fyuluta ya dizilo, mafyuzi, oyilo, waya, fosholo yeniyeni ya chogwirira chachitali, thabwa lochindikala loikapo jeke, ndi chingwe chokokera cholimba.

Pa chingwecho ndiime pang'ono, chifukwa apa anthu amafa. Musakoleke chingwe pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto. Kampirako sikanapangidwire kugwedezedwa mwamphamvu. Kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo n'kubowola galasi la galimoto inayo. Kolekani pa ngowe zomangidwa ku chasisi. Pokoka, mayi ndi ana aime kutali, kupitirira kutalika kwa chingwecho, ndipo pakati pa chingwe muponyepo bulangete kuti chikaduka chigwe pansi.

Chida chimene chidzakuthandizeni koposa zonse ndi chotsika mtengo: geji yoyezera mpweya ndi pampu yolumikiza ku batire. Mumchenga tayala lolimba limakumba, lofewa limayandama. Pa tala mumayenda ndi mpweya wa mabaa 2.2 kapena 2.5 (baa ndi muyezo wa mpweya pa gejiyo), mukafika pa mchenga tsitsani kufika 1.6, ndipo mukatitimira mutha kutsitsa mpaka 1.2 kuti mutuluke. Tayala likafewa choncho musathamange ndipo musakhote mwadzidzidzi, lingavuke pa limu. Mukabwerera pa tala popani musanapitirire, chifukwa tayala lofewa pa liwiro limatentha n'kuphulika. Galimoto ikayamba kulemera mumchenga, musasinthe giya pakati, kilachi ikangopondedwa galimoto imaima. Ikaima, chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo. Kukakamira kumangokumba dzenje. Tsikani, fukulani kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala onse, chotsani mchenga umene wagwira mimba, yesani kubwerera m'mbuyo m'mapazi anu omwe.

Pali chinthu china chimene alendo ambiri sachiganizira: udzu. Musanafike pa mchere mudutsa m'madambo a udzu wautali umene umamera pakati pa njira. Njere zake zimatseka radiyeta, injini n'kuyamba kutentha, ndipo udzu wouma umakodwa kunsi pafupi ndi ekizozi. Galimoto zapsapo mpaka kutheratu chifukwa cha zimenezi. Mangani neti, ngakhale chidutswa cha neti yakale ya udzudzu, kutsogolo kwa galimoto, ndipo pakatha mphindi makumi awiri kapena atatu aliwonse imani, gwadani, musuzumire kunsi, mukokemo udzu ndi waya wopinda. Mwana wanu wamkuluyo mupatseni ntchito yokukumbutsani. Aziyang'ananso singano ya kutentha kwa injini.

Zikavuta kwenikweni, galimoto yafa kapena yatitimira osatheka, musaisiye. Pa chigwa choyeracho maso amanama: chinthu chooneka ngati chili pafupi chimakhala ulendo wa maola ambiri, ndipo munthu woyenda pansi saoneka patali pomwe galimoto imaoneka. Mangani tenti kapena chitenje m'mbali mwa galimoto mupeze mthunzi, gwirani ntchito yokumba m'mawa ndi madzulo, masana mupume, madzi muzimwa ndithu osawaumira mpaka kudwala. Apa m'pamene m'bale uja munamuuza tsiku lotuluka amagwira ntchito yake.

Za kugona. Malo ogona pa Kubu amayang'aniridwa ndi anthu a m'deralo kudzera mu bungwe lawo la Gaing O Community Trust, ndipo pamakhala malipiro; ndi bwino kusungitsa malo musanapite chifukwa miyezi yozizira kumadzadza. Mudzapeza zimbudzi zokumba ndi malo osonkhapo moto, basi. Nkhuni musatole pa chilumbapo. Mugule m'njira kapena mutenge kasilinda ka gasi. Malowa boma la Botswana linawaika m'gulu la malo otetezedwa, pali mipanda yakale ya miyala, ndipo eni dera amawalemekeza monga mmene ife timalemekezera Khulubvi ku Nsanje. Ana asasunthe miyala, asalembe maina pa milambe. Mukakumana ndi oyang'anira, moni wake ndi "Dumela rra" kwa bambo, "Dumela mma" kwa mayi, ndipo Atswana amaukonda moni ngati ife tomwe.

Chimene chidzakudzidzimutseni ndi kuzizira. Anthu akamva chipululu amalongedza malaya opepuka okhaokha. Mu Juni ndi Julayi usiku kumatha kuzizira mpaka madzi kuundana m'beseni, ndipo mu Ogasiti m'bandakucha kumalumabe, kuposa chiperoni cha ku Thyolo. Tengani mabulangete okwanira, zipewa za ubweya ndi masokosi, ndipo pansi pa matiresi muyale mphasa kapena katoni, poti kuzizira kumachokera pansi. Ogasiti ndi mwezi wa mphepo. Imabwera modutsa chigwa chonse popanda choitchinga. Imikani galimoto kumbali kumene ikuchokera, tenti muimangirire ku mawilo, chifukwa zikhomo zokha sizigwira. Masana milomo imang'ambika ndipo kuwala kwa mchere kumapweteka maso, ndiye Vaseline, zipewa ndi magalasi a dzuwa zikhalepo za aliyense.

Zipi ya tenti izikhala yotseka usana ndi usiku. Kuli zinkhanira, ndipo zimakonda kutuluka usiku wa mphepo kukatentha. Dzuwa likalowa aliyense avale nsapato zotseka, osati masilipasi, ndipo m'mawa muzikutumula nsapato musanavale. Chakudya chigone m'galimoto, osati mu tenti, chifukwa nkhandwe ndi afisi amayendera fungo. Mwana akafuna kutaya madzi usiku adzutse munthu wamkulu, apite ndi tochi. Moto muuzime ndi madzi otsukira mbale. Makala okwiriridwa ndi mchenga amakhala amoto mpaka m'mawa ndipo amaotcha phazi la mwana.

Kamba wake akhale wosavuta: ufa, mpunga, nyemba zophikaphika za m'zitini, usipa wouma, soya, chiponde, tiyi ndi shuga. Nyama yaiwisi musanyamule kuchokera kuno. Botswana imateteza kwambiri ng'ombe zake ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, moti pa chipata ndi pa mipanda ya zaziweto ya m'kati mwa dziko amayang'ana m'mabokosi, ndipo nyama yosaloledwa amalanda. Pena amakuuzani kuti mutsike mupondetse nsapato m'mankhwala. Zamasamba ndi zipatso nazo zimakhala ndi malamulo ake pa chipata, ndiye zimenezo mukagule ku Francistown kapena ku Letlhakane. Nsima idyani ndithu, koma mayi adziwiretu kuti poto wa nsima amadya madzi potsuka. Thiranimo kapu imodzi agone nayo, m'mawa mupale nkhoko, mupukute. Zinyalala zonse, ngakhale zitini, zibwerere nanu ku tauni.

Popeza Khirisimasi mwaipatula kale, igwiritseni ntchito poyeserera. Tsikirani ku Chikwawa ndi banja lonse ndi katundu yense amene mukufuna kudzapita naye, mukagone m'matenti ku Majete usiku uwiri. Mukaone kuti tenti imatenga nthawi yaitali bwanji kuimika, madzi mwamwa angati, chimene mwaiwala n'chiyani. Mvula ikadzatha, cha mu Juni, pitani ndi mnzanu uja pa mtsinje wouma wa mchenga ku Chigwa cha Shire komweko, mutsitse mpweya, mulowetse giya yamphamvu ija, mutitimize galimoto dala ndi kuitulutsa, kawiri kapena katatu. Amayi nawonso agwire chiwongolero tsiku limenelo, chifukwa inu mutadwala kapena kulumidwa ndi chinkhanira pa Kubu, woyendetsa kubwerera ku Letlhakane ndi iwowo.

Mukadzafika, konzani kuti mufike dzuwa likadali m'mwamba, cha m'ma 3, tenti iime kusanade. Kenako tengani ana mukwere pa miyala ya kum'mawa kwa chilumbacho, muyang'ane ku chigwa. Dzuwa likamalowa milambe ija imafiira ngati yapakidwa katondo, ndipo kukada nyenyezi zimatsika mpaka pansi mbali zonse, chifukwa palibe phiri kapena nyali yozitchinga. Ngati mungathe kusankha masiku, onani kalendala kuti usiku umodzi ukhale wa mwezi wathunthu: mchere wonse umawala, moti mutha kuyenda ndi ana mamita mazana angapo pa chigwapo osayatsa tochi, bola moto wa pa tenti uziwonekabe kumbuyo kwanu.